Kusankha miyala ya thanki yatsopano ya makorali

Pafupifupi aliyense amene wayamba kuweta nsomba za m'nyanja ya mchere amandifunsa funso limodzi lomwelo: "Galasi ndagula, pampu ndi nyale zilipo, nanga miyala ndigule iti?" Ena amafunsa ali ku Johannesburg kapena ku Durban, ena ali ku Britain, enanso ali ku Lilongwe kumene zinthu zoterezi sizipezeka wamba. Ambiri amafunsa mochedwa, miyala ili kale m'madzi ndipo ndere zobiriwira zayamba kale kumera. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi, wofunsa aliyense ndizimulozera pano.

Choyamba mumvetse ntchito ya mwala m'thanki ya makorali, zamoyo za m'nyanja ya mchere zimene zimamera pamatanthwe. Nsomba zimatulutsa amoniya, chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso amoniya, ndipo amoniya ndi poizoni. Mabakiteriya ena amamusandutsa nitrite, enanso amasandutsa nitrite kukhala nitrate amene sapha msanga. Mabakiteriyawa sakhala akuyandama m'madzi, amafuna pomatirira, ndipo pomatirira pawo pakulu ndi pamiyala. Njira yoweta makorali imene inatchuka ndi dzina la mzinda wa Berlin ku Germany, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, inadalira zinthu zochepa: miyala ya m'nyanja, chipangizo chochotsa zonyansa ndi thovu chotchedwa skimmer, kuwala kwamphamvu ndi madzi oyenda. Mpaka lero ambiri tikutsatira zomwezo. Mwala ndiwo sefa yanu yeniyeni. Pampu ikakukhumudwitsani mumaisintha madzulo amodzi, koma mwala ukakhala woipa makorali atamera kale, kuusintha ndiye kugwetsa thanki yonse.

1. Miyala ya kumtsinje, kuphiri ndi kugombe isiyeni

Anzanga amene anayamba ndi mbuna ndiwo amavutika kumvetsa mfundoyi. Mbuna za ku Cape Maclear zimakhala m'miyala ikuluikulu yolimba, ndipo m'thanki ya madzi opanda mchere mwala wotola m'munda ukhoza kugwira ntchito. M'thanki ya makorali ayi. Mwala wolimba ngati granite ulibe tizibowo mkati, motero mabakiteriya amangokhala pakhungu pake pokha. Ina imakhala ndi timizere ta chitsulo kapena mkuwa, ndipo madzi a mchere amasungunula zimenezi pang'onopang'ono. Mkuwa, ngakhale wochepa kwambiri, umapha makorali, nkhono ndi shrimp. Miyala yakuda ya chiphalaphala cha mapiri ophulika ili ndi mabowo ndithu, koma simungadziwe zitsulo zimene zili m'kati mwake, ndiye ine sindiilimbikitsa.

Mwala woyenera ndi wa calcium carbonate, makamaka mtundu wotchedwa aragonite, umene uli mafupa a makorali akale. Kuti mutsimikize, donthezani viniga pamwala wouma. Ukachita thovu pang'ono, ndi wa mtundu wa laimu. Koma thovulo likungokuuzani mtundu wa mwala, silikukuuzani ngati uli woyera. Mwala wa laimu wotola m'munda umene munkathiridwa feteleza uchita thovu bwinobwino, kenako n'kudzaza thanki yanu ndi phosphate, chakudya cha ndere.

Za kutola miyala kugombe mukapita kokacheza ku Pemba, ku Vilankulo kapena ku Sodwana Bay, musayerekeze. Zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas ku Mozambique, komanso iSimangaliso ku KwaZulu-Natal, ndi malo otetezedwa. Makorali olimba ali pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, ndipo miyala ya m'matanthwe a makorali imawerengedwa momwemo podutsa malire. Popanda chilolezo mukhoza kulandidwa katunduyo n'kuyankha mlandu.

2. Dziwani mitundu imene mupeze pamsika

Woyamba ndi mwala wamoyo, umene m'masitolo amaulemba kuti live rock. Mwalawo sikuti umapuma, koma wangochoka kumene m'madzi a mchere uli ndi zamoyo zake: mabakiteriya, tisiponji, tinyongolotsi, tizilombo ting'onoting'ono totchedwa copepods, ndi ndere zolimba zapinki kapena zapepo zotchedwa coralline. Kale wambiri unkachokera ku Fiji, Tonga ndi Indonesia. Kumapeto kwa 2017 boma la Fiji linaletsa kutumiza kunja makorali ndi miyala yochotsedwa m'nyanja, ndipo mu 2018 Indonesia nayo inaimitsa kutumiza makorali mpaka 2020. Kuyambira pamenepo mwala wamoyo weniweni unasowa ndipo unakwera mtengo. Ku Florida, kumene kukumba mwalawu m'nyanja kunaletsedwa kalekale m'zaka za m'ma 1990, makampani monga Tampa Bay Saltwater ndi KP Aquatics amatenga miyala ya kumtunda, n'kuitsitsa pansi pa nyanja kwa zaka kuti zamoyo zimerepo, kenako n'kuivuula. Umenewo ndi mwala wamoyo wolimidwa.

Chenjerani apa. Masitolo ambiri lero amagulitsa ngati "wamoyo" mwala wouma umene wangoviikidwa m'thanki yawo kwa masabata angapo. Uli ndi mabakiteriya, inde, koma ulibe zamoyo zosiyanasiyana za m'nyanja. Funsani mwachindunji kuti unachokera kuti ndipo wakhala m'madzi nthawi yaitali bwanji.

Wachiwiri ndi mwala wouma, dry rock. Wina umakumbidwa kumtunda kumene kunali matanthwe a makorali kalekale, monga wa Marco Rocks wa ku Florida. Woterewu umakhala woyera mbee, wopanda zowola zambiri. Wina unali wamoyo kenako n'kuyanikidwa padzuwa, monga Pukani wa ku Fiji, umene ndi wopepuka kwambiri ndiponso wokongola, koma m'mabowo mwake mumakhala zakufa zouma zambiri.

Wachitatu ndi wopanga anthu. Real Reef Rock ndi LifeRock ya CaribSea imabwera itapakidwa kale utoto wapepo kuti izioneka ngati yakhalitsa m'nyanja. Ndi yabwino kwa amene sakufuna kuyang'ana mwala woyera kwa miyezi, koma utoto uja si coralline.

Wachinayi ndi wogula kwa munthu amene akugwetsa thanki yake. Umatchipa, ndipo ndiumene umabweretsa misozi yambiri. Ndiubwerera pa mfundo 6.

Kwa inu amene muli kutali ndi sitolo iliyonse yotere, mwala mukhoza kuumba nokha. Sakanizani gawo 1 la simenti ya Portland ndi magawo 4 kapena 5 a zigoba za nkhono zoswa, zomwe zija amapatsa nkhuku zoikira, zitatsukidwa bwino. Madzi akhale ochepa kuti chosakanizacho chikhale chophwanyikaphwanyika, chisakhale phala. Umbani m'bokosi la mchenga wonyowa, musiye mapanga ndi mabowo, muuvundukule pakatha masiku 2. Vuto lake ndi lakuti simenti yatsopano imakweza pH ya madzi (muyezo wa asidi, umene umakwera asidi akamachepa) kupitirira 11. Muyenera kuuviika m'madzi opanda mchere, kuwasintha pafupipafupi, kwa masabata 6 mpaka 8 kapena kupitirira, kufikira madzi amene mwalawo wagonamo masiku angapo asakukweranso pH kupitirira 8.5. Umalemera kuposa wogula, koma umagwira ntchito.

3. Sankhani kasakanizidwe

Maganizo anga ndi awa: kwa woyamba kumene, mwala wambiri ukhale wouma, pafupifupi magawo 8 pa 10, ndipo wotsalawo ukhale wamoyo wabwino kwambiri umene mungaupeze.

Mwala wamoyo wokhawokha umakhazikitsa thanki msanga, koma ndi wodula ndipo umabwera ndi alendo osaitanidwa. Mwala wouma wokhawokha ulibe tizilombo toipa, komanso ulibe tabwino. Thanki yoteroyo imakhala ngati yoyera kwa masabata oyamba, kenako ndere zoipa zimapeza malo onse opanda wopikisana nazo. Anthu ambiri amene akulimbana ndi dinoflagellates, ndere zofiirira zonanda zokhala ndi tithovu zimene zimapha nkhono, anayamba ndi mwala wouma wokha n'kumasunga nitrate ndi phosphate pa 0. Mabotolo a mabakiteriya amathandiza pa amoniya, koma sangalowe m'malo mwa zamoyo zamitundumitundu za pamwala wa m'nyanja. Zidutswa 2 kapena 3 za mwala wamoyo zimafesa zamoyozi m'miyala ina yonse.

4. Werengani makilogalamu, koma musakhale kapolo wa sikelo

Lamulo lakale linkati paundi 1 mpaka 2 pa galoni iliyonse, komwe ndi pafupifupi kilogalamu 1 mpaka 2 pa malita 10. Linapangidwa nthawi imene anthu ankamanga chikhoma cha miyala kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Lero theka la kilogalamu mpaka kilogalamu 1 pa malita 10 imakwana. Thanki ya malita 200 ikufuna makilogalamu 10 mpaka 20, malinga ndi kupepuka kwa mwalawo. Gulani ochulukirako pang'ono kuti mukhale ndi posankha pomanga. Otsala alowa m'thanki ya pansi yosefera madzi, imene timaitcha sump.

5. M'sitolo gwiritsani ntchito dzanja, mphuno ndi maso

Nyamulani zidutswa ziwiri zofanana kukula. Tengani chopepukacho. Mwala wabwino mkati mwake mumakhala ngati mwa chulu, muli tinjira tolowa mbali zonse, ndipo popeza mukugula pa kilogalamu, wopepuka ukupatsani malo ambiri pa ndalama zomwezo. Koma ukamanyenyeka m'manja mukaufinya, usiyeni, sudzanyamula wina pamwamba pake.

Musagule mabulungwa ofanana okhaokha. Mufunika zidutswa 2 kapena 3 zazikulu zokhala ndi pansi pophwatalala zoti zikhale maziko, zina zophwatalala ngati mashelefu poika makorali, zina zanthambi, ndi tizidutswa ting'onoting'ono totsekera mipata. Yezani kukamwa kwa thanki yanu musanachoke pakhomo. Mwala waukulu wokongola umene sukulowa pakati pa magalasi olimbitsa pamwamba pa thanki umathera pa nyundo.

Ngati ndi wamoyo, ununkhizeni. Uzimveka fungo la nyanja. Ukamanunkha mazira owola, kapena ukakhala ndi madontho akuda ndi zoyera zonanda, zamoyo zake zikufa. Kenako uyang'anitsitseni uli m'madzi, makamaka kunsi. Aiptasia ndi kanthu kofiirira koonekera mkati, kokhala ndi timanja tatitali ngati kamtengo ka kanjedza, kamene kamabwerera m'bowo mukakakhudza. Kamaluma makorali ndipo kamaswana mofulumira. Mukakadula, kachidutswa kalikonse kamasanduka kena. Valonia ndi timipira tobiriwira tonyezimira. Bryopsis ndi ndere zooneka ngati tinthenga. Vermetid ndi nkhono zokhala m'timachubu tolimba tosongoka, zimene zimaponya ulusi wonanda m'madzi. Mukaona chimodzi mwa izi paliponse m'thanki ya wogulitsa, ngakhale pamwala wina umene simukugula, dziwani kuti madzi ndi amodzi.

Si chilichonse choyenda chimene chili choipa. Tinyongolotsi taubweya totchedwa bristle worms timadya zowola, ingopewani kutigwira ndi manja. Tinyenyezi tamiyendo yopyapyala, tisiponji, ndi tinyongolotsi tokhala ndi chisoti ngati maluwa, zonsezi ndi zimene mukulipirira.

Mwala wamoyo muunyamule uli wonyowa, m'chidebe cha madzi a m'sitolomo kapena wokulunga m'nyuzipepala yonyowetsa ndi madzi a mchere, ndipo usagone m'galimoto yotentha.

6. Viikani miyala kunja kwa thanki musanaigwiritse ntchito

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene pagona thanki yonse. Akunja amati curing. Munthu wagula miyala Loweruka m'mawa, madzulo ili kale m'galasi, nyale zayaka. Pakatha miyezi 2 akufunsa chifukwa chake ndere zaubweya sizikutha ngakhale akusintha madzi sabata iliyonse.

Chifukwa chake ndi phosphate. Phosphate amamatirira pa calcium carbonate. Mwala umene unali ndi zowola zambiri, kapena umene unakhala m'thanki yakuda, umakhala utamusunga pakhungu pake ndi m'mabowo. Mukauika m'madzi oyera umayamba kumutulutsa mpaka madzi ndi mwala zifanane. Mukasintha madzi, phosphate amatsika tsiku limenelo, mawa lake mwala watulutsa wina. Ndere zimamera pamwala pomwepo n'kumamudya asanafike n'komwe m'madzi, motero choyezera chanu chikhoza kuonetsa 0 ndere zili tho. Phosphate wochuluka amachedwetsanso makorali olimba kumanga mafupa awo. Nkhondo imeneyi ndi yosavuta kuimenya mumdima, mumgolo, kusiyana ndi m'thanki yowala yokhala ndi nsomba.

Pezani mgolo kapena beseni lalikulu lapulasitiki limene silinasungepo mankhwala, mafuta kapena sopo. Mufunikanso kapampu koyendetsa madzi, hita, chivindikiro, ndi zoyezera amoniya, nitrite ndi phosphate. Pa phosphate gulani choyezera chimene chimaona manambala ang'onoang'ono, monga Hanna Checker. Zoyezera za thanki ya madzi opanda mchere sizisiyanitsa 0.03 ndi 0.2. Madzi akhale osefedwa ndi sefa yapadera yotchedwa RO/DI, mpaka TDS, muyezo wa zinthu zosungunuka m'madzi, ili pa 0. Madzi a pampopi kapena a pachitsime amabwera ndi phosphate ndi silicate wawo, ndipo mwala udzamwa zimenezo m'malo motulutsa zake. Mchere ukhale wopangira madzi a m'nyanja wogula m'sitolo ya nsomba, osati wa kukhitchini. Muusungunule mpaka refractometer, choyezera mchere m'madzi, ionetse 35 ppt, komwe ndi 1.025 kapena 1.026 pa muyezo wake wina. Kutentha kukhale 25 kapena 26 °C.

Mwala wouma muyambe mwautsuka ndi madzi amphamvu ndi burashi yolimba kuti fumbi ndi zouma zichoke. Uikeni mumgolo, pampu iyake, vindikirani kuti kuwala kusalowe. Pakatha masiku 3 yezani. Mwala wokumbidwa kumtunda nthawi zambiri umaonetsa amoniya wochepa. Wa mtundu wa Pukani udzanunkha, madzi adzachita chikasu, ndipo phosphate akhoza kupitirira pamene choyezera chimalekezera. Tayani madzi onse, thirani atsopano, dikirani masiku ena 3 kapena 4, yezaninso. Musayeze tsiku losintha madzi, mudzadzinamiza. Nambala imene ikufunika ndi ya madzi amene mwala wagonamo masiku angapo. Phosphate akamakhala pansi pa 0.1 ppm maulendo awiri otsatizana, mwala wakonzeka. Kwa mwala woyera zimenezi zimatenga masabata 2 kapena 3, kwa wakuda miyezi 2 kapena 3.

Ngati mchere ukukutherani ndi kusinthasintha madzi, pali njira ziwiri zofulumizitsa. GFO, timibulu tofiira ta chitsulo, mumatiika m'kathumba pamene madzi akudutsa ndipo timakoka phosphate. Lanthanum chloride, mankhwala amadzimadzi, mumadontheza pang'onopang'ono, amagwira phosphate n'kusanduka fumbi loyera limene limachoka ndi madzi kapena ndi nsalu yosefera yothina kwambiri. Mumgolo wopanda nsomba ndi pamene lanthanum ali wabwino. M'thanki ya nsomba fumbi lija limazivutitsa kupuma.

Mwala wamoyo uviikeni mumgolo wakewake, musausakanize ndi wouma wonunkha uja. Valani magolovesi, chotsani ndi burashi yofewa tisiponji takufa ndi chilichonse chakuda kapena chonanda. Masiku oyamba zina zimene zinavulala paulendo zidzafa ndipo amoniya adzakwera. Muziyeza tsiku lililonse, ndipo akafika pafupi ndi 1 ppm sinthani theka la madzi, apo ayi amoniyayo apha zamoyo zimene munalipirira. Amoniya ndi nitrite akakhala pa 0 ndipo fungo latha, gawo loyamba latha. Ine ndimati mupitirize mpaka masabata 4, chifukwa ino ndi nthawi yogwira alendo oipa. Usiku zimitsani magetsi m'chipindamo, dikirani ola limodzi, kenako muunike ndi tochi. Mukamva kulira kwa "tha, tha" mobwerezabwereza, muli pistol shrimp kapena mantis shrimp; woyambayo alibe vuto lalikulu, wachiwiriyo amaswa nkhono ndi kupha tinsomba. Nkhanu yaubweya yokhala ndi zopanira zakuda kunsonga ichotseni. Ikani kambale kagalasi kopendekera pamwala, muli kachidutswa ka shrimp, m'mawa mudzaipeza ikulephera kukwera. Aiptasia mukamuona pachidutswa chimodzi, chitulutseni, sweni mbali imeneyo ndi tchizulo, mutaye.

Magetsi akamazimazima kwanuko, ganizirani zimenezi musanagule mwala wamoyo. Mumgolo wodzaza miyala, madzi akaima kwa maola angapo mpweya umatha, mabakiteriya amayamba kufa. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire ndi kotchipa kuyerekeza ndi mwalawo. Kagulireni tsiku lomwelo.

Tsopano mwala wogula kwa munthu. Mufunseni funso limodzi musanakambe za mtengo: kodi m'thankimo munathiridwapo mankhwala a mkuwa ochizira nsomba timadontho toyera? Akati inde, kapena akayamba kukayika, usiyeni ngakhale akupatseni ulere. Mwala umamwa mkuwa n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Ngati mulibe mkuwa koma mwalawo wadzaza ndere ndi Aiptasia, uoneni ngati wouma ndipo muuyambire pachiyambi. Panja, pamalo opita mphepo, uviikeni mu gawo 1 la Jik wamba wopanda zonunkhiritsa ndi magawo 10 a madzi kwa sabata imodzi. Utsukeni kangapo, uviikeni m'madzi othira mankhwala ochotsa klorini, kenako uyanikeni padzuwa mpaka fungo la Jik litatheratu. Ukatero ulowe mumgolo monga mwala wouma uja.

Ena amawonjezera kuuviika mu asidi wa madamu osambira, hydrochloric acid, kuti khungu la mwala limene lagwira phosphate lisungunuke. Zimagwira ntchito, koma zimadyanso mwalawo, ndipo kwa woyamba kumene ine ndimati dikirani ndi mgolo basi. Mukasankhabe njirayi, chitani panja, muli ndi magolovesi ndi magalasi oteteza maso, thirani asidi m'madzi osati madzi mu asidi, gawo 1 pa magawo 10, kwa mphindi 15 mpaka 20, ndipo muziziritse mphamvu yake ndi soda wophikira musanataye. Asidi asakumane ndi Jik, ngakhale wotsalira m'mabowo a mwala, chifukwa zimatulutsa mpweya wa klorini umene umapha.

Chenjezo limene ndikufuna mulisunge kuposa onse: mwala umene unakhalapo m'thanki ya makorali musauwiritse, musauthire madzi otentha, musauike mu uvuni, ndipo musaukweche wouma m'nyumba. Makorali ofewa a mtundu wa Palythoa ndi ena a banja la zoanthid amakhala ndi palytoxin, imodzi mwa poizoni zoopsa kwambiri m'chilengedwe, ndipo imauluka ndi nthunzi. Ku Alaska, akuluakulu a zaumoyo analemba za anthu amene anadwala nayo pakati pa 2012 ndi 2014, m'masitolo ndi m'nyumba momwe. Mu 2018 ku Oxfordshire ku England banja lina linathamangitsidwa kuchipatala litatsuka thanki yake. Mukayamba kutsokomola, kubanika kapena kutentha thupi mutagwira miyala yotere, tulutsani aliyense m'nyumbamo, pitani kuchipatala ndipo muwauze dzina la poizoniyo.

7. Mangani pa katoni kaye

Dulani katoni yofanana ndi pansi pa thanki yanu, muike patebulo, muyeserere pamenepo. Ambiri amakonda kumanga ndi kumata mwala wouma usanalowe mumgolo, kenako n'kuviika chomangacho chathunthu. Ngati mgolo wanu ndi waukulu, teroni, chifukwa guluu amagwira bwino pouma. Siyani masentimita 5 mpaka 8 pakati pa mwala ndi galasi mbali zonse kuti chopukutira galasi chizidutsa ndiponso madzi aziyenda kumbuyo. Msinkhu usapitirire theka kapena magawo 2 pa 3 a kuya kwa madzi, popeza makorali adzakula n'kutenga malo otsalawo. Musamange chikhoma chotsamira galasi lakumbuyo, kumeneko kumaunjikana zonyansa zimene simudzazifikira. Milu iwiri yosiyana kukula, yokhala ndi mapanga oti nsomba zizibisala ndi mchenga woonekera pakati, imaposa chimulu chimodzi.

Pomata gwiritsani super glue wokhuthala pamodzi ndi epoxy wopangidwira m'madzi, kapena simenti yomatira miyala ya m'thanki. Pa mashelefu otuluka kutali, boolani miyala n'kulowetsa kandodo ka acrylic. Waya ndi misomali zisayandikire.

Mwala ukhale pagalasi la pansi, mchenga ubwere pambuyo. Mukauika pamwamba pa mchenga, kansomba kotchedwa goby kapena pistol shrimp adzakumba kunsi kwake, tsiku lina mulu wonse n'kugwera pagalasi. Mukamaliza, kankhani chidutswa chilichonse ndi chala. Chogwedera chimangidwenso.

8. M'thanki, nyale zisayake msanga

Mwala wamoyo uikeni pomaliza, madzi atafika kale pa mchere ndi kutentha koyenera, ndipo uukhazike mogundana ndi wouma. Ngati mwala wanu wonse ndi wouma, thirani mabakiteriya a m'botolo, ndiponso ammonium chloride wowadyetsa mpaka amoniya afike 2 ppm. Ngati muli wamoyo, amoniya akhale wochepa kwambiri kapena ingoponyani kachakudya ka nsomba, kuti musaphe zamoyo zake. Musagwiritse nsomba yamoyo poyambitsa ntchito yochulukitsa mabakiteriyayi. Amoniya amene mwathira akamatha m'maola 24, nitrite watsika ndipo nitrate akuoneka, mukhoza kuika nsomba zoyamba, 1 kapena 2 basi. Kwa ambiri izi zimachitika pakati pa masabata 2 ndi 6.

Nyale muyambe ndi maola ochepa ndi mphamvu yochepa. Mwala woyera uja udzayamba kuchita fumbi lofiirira la diatoms, kenako kubiriwira. Zimenezi n'zachibadwa, musautulutse kukautsuka. Ikani nkhono zodya ndere monga Trochus, sungani nitrate ndi phosphate zikuoneka pang'ono pachoyezera m'malo mozifikitsa pa 0, ndipo musunge calcium pa 400 mpaka 450 ppm, alkalinity (mphamvu ya madzi yokana asidi) pa 7 mpaka 9 dKH ndi magnesium pafupi ndi 1300 ppm kuti coralline ifalikire kuchokera pazidutswa zamoyo zija. Timadontho toyamba tapinki nthawi zambiri timaonekera papulasitiki ya pampu ndi pagalasi tisanaoneke pamwala, ndipo kuti mwala wouma usinthiretu mtundu pamapita miyezi 6 mpaka chaka. Makorali olimba monga Acropora adikire nthawi imeneyo. Oyamba akhale ofewa.